Masabata 11 ndikudikira kapepala kamodzi

Nkhani iyi ndakhala nayo mumtima miyezi yambiri, ndimati ndikayamba kulemba ndimafufutanso, paja nkhani za kumusi kuno sitinazolowere kuzikamba poyera, timangonong'onezana pa mjigo kapena kuseri kwa nyumba ya maliro. Koma sabata yatha mu gulu lathu la banki mkhonde pa WhatsApp mayi wina anafunsa kuti amayi inu amene munayezetsapo khomo la chiberekero, zotsatira zimatenga nthawi yaitali bwanji, ine anandidula kanyama mwezi watha koma mpaka pano kuli zii. Ndiye mayankho amene anthu anamupatsa anandiwawa mtima anthuni. Wina akuti akakhala chete ndiye kuti muli bwino, chikanakhala choopsa akanakuimbirani kale. Wina akuti ingosiyani m'manja mwa Mulungu musamazifufuze zinthu zimenezi. Onsewo amanena mwachikondi, ndikudziwa, koma ine mawu omwewo ndi amene anandikhazika pakhomo masabata anayi pamene yankho langa linali litafika kale.

Ndiyambe poyambira. Ine sindinkamva kuwawa paliponse. Ndinangoperekeza mlamu wanga ku kulera tsiku lina Lachiwiri mu February, mvula ili pakati, ndiye mukudziwa maphunziro a m'mawa aja amene anesi amapereka layini isanayambe kuyenda, tsiku limenelo amakamba za khansa ya khomo la chiberekero. Anati dziko lathu lili m'gulu la mayiko amene matendawa avuta kwambiri pa dziko lonse lapansi, chaka chilichonse azimayi opitilira 4,000 amapezeka nayo ndipo pafupifupi 3,000 amamwalira, ndiye mayi aliyense wa zaka 25 mpaka 49 ayezetse ngakhale asakumva kalikonse. Ine ndili ndi zaka 38, ana atatu, ndipo ndinali ndisanayezetsepo chibadwire. Chifukwa chake mantha basi. Ndinakula ndikumva kuti amakulowetsa chitsulo chachikulu, ena mpaka amati amatulutsa chiberekero chonse kuchiyika pa tebulo nkuchibwezeretsa, zabodza zokhazokha koma zikalowa m'mutu uli mtsikana sizituluka msanga. Mlamu wanga ndi amene anandikoka dzanja kuti alamu tiyeni tilowe limodzi, tabwera kale.

Kuyeza kwake sikuchedwa. Umagona pa bedi paja, amalowetsa kachitsulo kotsegula njira kuti aone bwino khomo la chiberekero, kamazizira ndipo sikasangalatsa koma si ululu woti munthu nkulira nawo, kenako amapaka viniga, inde viniga yemweyu, nkudikira mphindi imodzi akuwunika ndi tochi. Malo amene ayamba kusintha amayera. Imeneyi ndiye amati VIA, ndipo ubwino wake ndi woti yankho umalimva pompo usanavale nkomwe nsapato. Mlamu wanga analowa, mphindi zochepa watuluka akumwetulira, amulembera m'buku kuti zili bwino ndi chaka choti adzabwerenso. Kwa azimayi ambiri nkhani imathera pomwepo, ndipo ndikufuna amene simunayezetsepo mumve bwino mbali imeneyi, ambiri sadikira kalikonse, amapita kwawo tsiku lomwelo ndi mtima wokhazikika.

Ine zinasiyana. Anesi aja anakhala chete kanthawi, kenako anatuluka kukaitana anzawo, onse awiri akuyang'ana akulankhulana motsitsa mawu, ine maso ali kudenga ndikuwerenga malata. Nditavala anandikhazika pa mpando nkunena kuti amayi, taona malo oyera ndipo ndi okulirapo, komanso tikakhudza pakutuluka timagazi, sitikunena kuti ndi khansa ayi, koma ifeyo pano sitingathe kupanga chiganizo, tikutumizani ku chipatala chachikulu akatengeko kanyama kakang'ono akakaunike. Anandifotokozera kuti pakanakhala pang'ono akanawotcha pompo ndi kamakina kotentha kaja, kamafika madigiri 100 ndipo sikakwana ndi mphindi imodzi yomwe pamalo pamodzi, njira imene kuno kwathu chipatala cha Nkhoma chinayamba kugwiritsa ntchito cha m'ma 2013 ndipo pano inafalikira m'zipatala zambiri. Ndiye tangoganizani, munthu angathe kuyezedwa nkuthandizidwa tsiku limodzi lomwelo, koma ine ndinagwera mbali inayo, ya odikira.

Patatha masiku 9 ndinapita ku chipatala chachikulu chija. Sinditchula dzina lake chifukwa zimene ndikambe pano sindikufuna zioneke ngati ndikuloza chala anthu amene anandithandiza. Kutenga kanyama kuja, amati biopsy, ndi katsinidwe kamodzi kakuthwa, kenako m'mimba mumapota ngati msambo ukuyamba. Ndinaona ndi maso anga kanyama kaja, kochepa kuposa njere ya mpunga, akukaponya mu kabotolo ka mankhwala, nkumata pulasitala, nkulembapo dzina langa. Kenako panja pa tebulo wina amalemba mu kaundula wamkulu, anthu ali mbwee, mwana akulira, wina akuitana mayina, anandifunsa nambala ya foni ine ndinatchula, iye analemba, sindinayang'ane zimene walemba. Ndipo anati mubwere pakatha masabata sikisi, kapena tikuimbirani. Ka "kapena" kameneko ndi kamene kanadzandisokoneza, chifukwa munthu sudziwa kuti udindo uli ndi ndani, ndibwere ndekha kodi kapena ndidikire foni.

Pa benchi tsiku limenelo ndinakhala moyandikana ndi mayi wina wachikulire, msinkhu wa mayi anga, atafunda chitenje chakutha ndipo buku lake lakuchipatala analikulunga mu jumbo ya shuga kuopa mvula. Tinagawana mandasi amene ndinagula pa geti. Anandiuza kuti mwanawe ine ndinasiya kusamba kalekale koma chaka chathachi magazi anayambiranso, ndi madzi onunkha, ndimachita manyazi kukhala pa gulu ngakhale kutchalitchi. Ananyamuka kwawo nkhuku zisanalire, kuwoloka mtsinje, kabaza, kenako matola, ndalama yake anagulitsa nkhuku ziwiri. Foni alibe. Atamufunsa nambala anatulutsa kapepala kolembedwa ndi pensulo, nambala ya mdzukulu wake amene amakhala mudzi wina. Naye anamuuza chimodzimodzi, masabata sikisi kapena tikuimbirani. Tinasiyana pa depoti, anandigwira dzanja nkunena kuti uyende bwino mwanawe, Mulungu akatikumbuke tonse.

Tsopano kudikira. Eeh, amene simunadutsemo sindikudziwa ndikufotokozereni bwanji. Masana zimakhalako bwino chifukwa ndili ndi kaokala kanga, makasitomala amakusokoneza maganizo, ngakhale kangapo konse ndinabweza chenje cholakwika mutu uli kwina. Usiku ndiye kunali nkhondo. Ana akagona ndimagula bandulo nkuyamba kufufuza pa Google, ukalemba mawu amodzi zikubwera zithunzi zoopsa, ukawerenga zizindikiro chilichonse ukuchimva m'thupi mwako, msana ukangoti tsweee pang'ono basi wati yafalikira. Foni ndimagona nayo pansi pa pilo. Magetsi akathima ndimathamanga kukatchajitsa pa sola kwa aneba kuopa kuti angaimbe ili yothima. Nambala yachilendo ikaimba mtima umachita kugunda kukhosi, kuyankha kumapezeka ndi munthu wofuna kudziwa ngati ndili ndi mafuta ophikira a 2 litazi. Ndimayang'ana mwana wanga womaliza akudya phala nkumawerengera kuti akamadzalemba mayeso a Sitandade 8 ine ndidzakhalapo kodi. Mayi anga sindinawauze, ali ndi BP, ndimati ndiwauze chiyani poti nanenso sindikudziwa.

Bambo akunyumba ndinawauza patatha masiku atatu. Anakhala chete nthawi yaitali, kenako funso loyamba linali lakuti nanga matenda amenewa amabwera bwanji. Nditatchula kuti kachilombo kake kamafala pogonana nkhope yawo inasintha, ndipo ndinaona kuti m'nyumba mulowa chinthu china choipa kuposa matendawo. Mwamwayi anesi oyamba aja anali atandikonzekeretsa. Kachilomboka dzina lake HPV, ndipo pafupifupi munthu aliyense amene anagonanapo amakumana nako nthawi ina m'moyo wake, mwamuna kaya mkazi, ambiri thupi limakachotsa lokha osadziwa nkomwe. Kwa ena ochepa kamakhalitsa, makamaka mitundu iwiri yotchedwa 16 ndi 18 imene imayambitsa pafupifupi 70 mwa makhansa 100 aliwonse a khomo la chiberekero, ndipo kuti kafike popanga khansa pamatenga zaka 15 mpaka 20 kwa mayi amene chitetezo chake chili bwino. Ndiye palibe angaloze kuti unakatenga kwa uje chaka chakuti, mwina kanalowa tisanakwatirane nkomwe, mwina kudzera kwa iwo, mwina kwa ine. Ndinawauza kuti bambo, apa palibe mlandu woti tizenge, pali thupi langa loti tilisamale. Anamva. Ndikudziwa kuti si azibambo onse amene amamva chonchi, ndipo pali azimayi amene akudikira zotsatira ali okhaokha m'nyumba yodzadza anthu chifukwa akuopa funso limeneli.

Apongozi anga atamva, kaya anawauza ndani, anabwera ndi mtima wabwino ndithu atanyamula mizu ina mu botolo akuti ya mauka, kuti apongozi muzisambira ndi kumwa, zachizungu zimachedwa. Ndinalandira ndi manja awiri koma sindinagwiritse ntchito. Apa mpamene ndinazindikira kuti nthawi yodikira ija imakhala ndi alangizi ambiri, aliyense amabwera ndi yankho lake chifukwa achipatala sanapereke lawo, ndipo mayi amene watopa ndi mantha amatsatira amene wamulankhula lero.

Masabata sikisi atakwana ndinatseka okala, kukwera minibasi, nthawi imeneyo mafuta amavuta ndiye mitengo inali yokwera koopsa, kufika, kukhala pa layini mpaka cha m'ma 11. Anesi anatsegula kaundula, anayang'ana mu katoni ina ya maenvelopu, nkunena kuti pepani amayi sizinabwere, musavutikenso ndi thiransipoti, zikangofika tikuimbirani. Anandilankhula mwaulemu ndithu ndipo ndikukhulupirira kuti amanena zoona kuchokera pansi pa mtima. Ndinabwerera ndikulira mu minibasi, nkhope ndaphimba ndi chitenje ngati ndikuthawa fumbi.

Pambuyo pake mnzanga wina wa ku sekondale amene amagwira ntchito mu labu ndi amene anandifotokozera ulendo wa kabotolo kaja, ndipo nditamva mkwiyo wanga unachepako ngakhale mantha sanachepe. Akuti kanyama kameneko sikaunikidwa pa chipatala chilichonse, malabu otha ntchito imeneyi ndi owerengeka, makamaka ku Lilongwe ndi ku Blantyre. Ndiye kabotolo kamayamba kadikira anzake achuluke, kadikirenso galimoto yopita mtauni, ndipo galimotoyo ifunika mafuta. Kakafika amakaumitsa ndi mankhwala, kukayika mu phula, kukadula tizidutswa topyapyala kuposa pepala, kupaka utoto, kenako dokotala wa ukatswiri umenewu, amati pathologist, akhale pansi ndi maikulosikopu kuyang'ana mmodzimmodzi. Madokotala amenewa m'dziko muno ndi ochepa kwambiri poyerekeza ndi anthu opitilira 20 miliyoni amene tilipo, ndipo pa tebulo pawo sipabwera za khomo la chiberekero zokha, pali za mabere, za kummero, za pakhungu, za ana, zonse layini imodzi. Mankhwala ena a mu labu akatha ntchito imaima. Akamaliza, lipoti liyende ulendo wobwerera mpaka lifike mu katoni ija. Paliponse pamenepa masiku atha kutayika popanda munthu waulesi ngakhale mmodzi.

Koma apa mpamene ndinalakwitsa ine. Ndinatenga mawu oti tikuimbirani nkuwasandutsa pilo. Sabata ya 7, ya 8, foni ili zii, ndiye ndinayamba kudzitonthoza ndi mawu omwe aja akunenedwa mu gulu lathu, kuti chikanakhala choopsa akanandisakasaka. Kunena zoona mbali ina ya mtima wanga imasangalala kuti sakuimba, chifukwa tsiku lililonse lopanda foni linali tsiku lina loti ndikhale munthu wopanda khansa. Anzanga akumpingo amati kuona maso a nkhono nkudekha, ine nkumavomera. Ndipo ndalama ya minibasi nayo inali nkhani, kupita kawiri konse wabwerako chimanjamanja, kachitatu umaganiza kaye za fizi ya mwana.

Amene anandidzutsa ndi achemwali anga amene ali ku England, amagwira ntchito yosamalira okalamba. Tikucheza pa foni ndinawaululira, anakuwa kuti iwe, masabata 10 uli phee? Anandifotokozera mmene zimakhalira kumeneko, kuti a NHS, azaumoyo a boma akumeneko, amaitana okha mayi aliyense wa zaka 25 mpaka 64, amatenga sampulo ndi kaburashi nkuyamba kuyeza HPV, ndipo yankho limabwera pakapita masabata angapo, nthawi zina limachedwa ndithu ndipo azimayi akumeneko nawo amadandaula, amagona osagona ngati ife tomwe. Koma chimene chinandigwira mtima ndi ichi, akuti yankho limabwera kaya zili bwino kaya sizili bwino, aliyense amauzidwa. Ndiye kumeneko kukakhala chete mayi amadziwa kuti sizinatuluke, amaimba kufunsa. Ife kuno tinaphunzitsana tokha kuti chete ndi uthenga wabwino, pamene palibe wachipatala anatiuzapo zimenezo. Komanso iwo ali ndi adiresi ya nyumba, ife adiresi yathu ndi nambala ya foni, ndipo nambala imeneyo ikalakwika kapena simu ikatayika kapena foni ikabedwa mu msika ndiye kuti munthu wasowa. Achemwali anatumiza ndalama usiku womwewo nkunena kuti mawa lomwe ukwere galimoto, ukafika undiimbire ndili maso.

Ndinapita Lolemba la sabata ya 11. Anesi ena, osati aja, anafufuza mu katoni ija ndipo sanachedwe, envelopu yanga inali momwemo. Nditayang'ana deti pa lipotilo ndinapeza kuti linafika masabata anayi apitawo. Pa kaundula pambali pa dzina langa panalembedwa kuti anaimba kawiri foni sikupezeka. Ndinayang'ana nambala, manambala onse anali anga kupatula imodzi, pamene pali 7 panalembedwa 1. Basi. Kanambala kamodzi. Anthu aja anachita mbali yawo, anaimba ndithu, mwinanso ndi mayunitsi awo, koma amaimbira munthu wina kapena mphepo. Ndipo ine mwezi wonse ndikugona ndi foni pansi pa pilo.

Adokotala anandiitana mkati, miyendo ikunjenjemera, anawerenga nkundiyang'ana nkunena kuti amayi si khansa. Mawu ena onse amene ananena pambuyo pake sindinawamve, anachita kubwereza. Akuti ndi CIN 3, kutanthauza kuti maselo a pamwamba pa khomo la chiberekero asintha kwambiri koma sanalowe mkati, ndi sitepe imene ikasiyidwa zaka ingathe kusanduka khansa, koma panopa imachotsedwa nkutha. Ndinawafunsa kuti nanga mwezi umene ndataya uja wandiwononga? Anati ayi, zinthu zimenezi zimayenda pang'onopang'ono, nkhani ya zaka osati masabata. Ndiye inu amene mukudikira pano ndipo mtima uli m'mwamba, gwirani mawu amenewa, kwa ambiri a ife kuchedwa kwa masabata ochepa kumazunza maganizo koma sikusintha matenda. Koma adokotala omwewo anawonjezera kuti amene amawadetsa nkhawa ndi awiri, mayi amene kanyama kake kasonyeza khansa yeniyeni chifukwa kwa iyeyo mwezi uliwonse ndi wamtengo wapatali, ndi mayi amene sabweranso nkomwe.

Ndipo kwa azimayi anzathu amene ali ndi HIV nkhaniyi ndi yothina kwambiri. A WHO, bungwe loona zaumoyo pa dziko lonse lapansi, amati mwayi woti adwale khansa imeneyi ndi wochuluka ka 6 kuposa amene alibe, ndipo chitetezo chikakhala chofooka zaka 15 kapena 20 zija zimatsika kufika 5 mpaka 10. Nchifukwa chake ku ma kiliniki a ma ARV amalimbikira kuyeza azimayi pafupipafupi. Mnzanga wapamtima amene amamwa mankhwala anandiuza kuti iye nambala yake kuchipatala amaidziwa bwino, akangojomba tsiku lotenga mankhwala amamuimbira, akapanda kuyankha amabwera mpaka pakhomo. Ndiye ine ndimadzifunsa kuti ngati tinakwanitsa kupanga dongosolo lolondola munthu mpaka kumudzi chifukwa cha ma ARV ndi TB, chikutikanika nchiyani kupanga chimodzimodzi ndi envelopu ya mayi amene wapezeka ndi khansa? Alangizi a zaumoyo aja ali m'midzi monse, amadziwa khomo lililonse. Meseji ya Airtel Money kapena Mpamba imafika ndisanachoke nkomwe pa ejenti. Sindikupempha kuti atilembere matenda athu pa meseji ayi, chinsinsi nchofunika, mawu atatu okha akwana, zotsatira zafika bwerani. Ndipo atumize kwa aliyense, wabwino ndi wodwala yemwe, kuti bodza lija loti chete ndi mtendere lithe.

Anandipanga LEEP patatha masabata awiri. Amabaya jakisoni wochititsa dzanzi pa khomo la chiberekero pomwepo, kenako kawaya kopyapyala ka magetsi kamadula malo oipa aja, sunagonekedwe, umapita kwanu tsiku lomwelo. Kumatuluka madzi ndi timagazi kwa masabata angapo, ndipo amaletsa kukhala malo amodzi ndi abambo mpaka pachire. Apa ndinachita kuwatenga bambo akunyumba kuti akamve okha kuchokera kwa anesi, chifukwa mawu amenewa akachokera kwa mkazi yekha m'nyumba zambiri amabweretsa mkangano. Ndiye chimene sindinkayembekezera, kachidutswa kamene anadula kaja nakonso kanalowa mu kabotolo kupita ku labu, kuti akaone ngati achotsa zonse komanso ngati munalibe khansa yobisala mkati. Kudikira kwachiwiri.

Koma ulendo uno sindinali munthu yemwe uja. Atalemba nambala ndinapempha mwaulemu kuti ndione, ndinaiwerenga mokweza imodzi imodzi, ndinaperekanso ya bambo akunyumba ndi ya mlamu wanga. Ndinapempha kuti m'buku langa alembe deti lenileni lobwera osati masabata akutiakuti, alembenso nambala imene ili pa kabotolo kuja kuti likasowa lipoti pakhale poyambira kufufuza, ndipo ndinafunsa kuti ndikabwera ndifikire chitseko chiti, tsiku liti la sabata limene kiliniki imeneyi imatsegula, chifukwa ena amabwera tsiku lolakwika nkubwezedwa. Anesi sanakwiye, anachita kunena kuti amayi mukanakhala nonse otere ntchito yathu ikanapepuka. Paja akuluakulu anati safunsa anadya phula. Deti litakwana ndinapita osadikira foni, sizinali zitafika, ndinapitanso patatha masabata awiri ndinazipeza, anachotsa zonse, khansa mulibe, ndibwerenso pakatha chaka adzaonenso. Mantha analipo ndithu ulendo wachiwiriwu, sindinama, koma kudikira ukudziwa tsiku lako ndi chitseko chako nkosiyana kutalitali ndi kudikira foni imene sukudziwa ngati idzalira.

Pali njira inanso imene yayamba kufika m'zipatala zina, yoyeza kachilombo ka HPV kenikeniko, mayi amapatsidwa kathonje ka pa kamtengo nkukadzitenga yekha sampulo kuseri, opanda chitsulo chija, ndiye amene mumaopa kugona pa bedi funsani ngati kwanuko ilipo. Makina ake ndi GeneXpert omwe aja amayezera makhololo a TB, ndipo sampulo imodzi imatenga pafupifupi ola limodzi. Koma poti makinawo amakhala ndi ntchito zambiri, sikuti nthawi zonse yankho limatuluka tsiku lomwelo, ena amauzidwa kuti abwere tsiku lina, ndiye nkhani ija ya nambala ya foni ndi deti yabweranso pomwepa. Komanso kupezeka ndi HPV si khansa, ndi chizindikiro choti akuone bwino basi, izi anthu azimva chifukwa ndamvapo mayi akulira kuti wapezeka ndi kachilombo ngati moyo watha.

Mu 2020 mayiko anagwirizana pansi pa WHO kuti pofika 2030 atsikana 90 mwa 100 aliwonse akhale atabayidwa katemera wa HPV, azimayi 70 mwa 100 akhale atayezedwa, ndipo 90 mwa 100 amene apezeka ndi vuto alandire chithandizo. Katemerayu kuno anayamba kuperekedwa dziko lonse mu 2019 kwa atsikana a zaka 9, ndipo mwana wanga wamkazi ndinachita kumuperekeza ndekha, sindinamvere zonena za anthu zoti amatseka mimba. Kuyeza nako kukuyenda, timamva pa wailesi, timaona matenti m'misika. Koma nambala yachitatu ija, ya chithandizo, imadutsa mu katoni ya maenvelopu ija. Ungayeze azimayi onse a m'boma lonse koma ngati yankho silikumana ndi mwini wake ndiye kuti wangowaopseza chabe. Ndipo kwa amene wapezeka ndi khansa yeniyeni ulendo umakhala utangoyamba, opaleshoni ku zipatala zikuluzikulu monga ku Queens kumene a bungwe la madokotala la MSF anayamba kuthandiza azimayi a matendawa mu 2018, mankhwala a kemo, ndipo kwa zaka zambiri ofunika radiotherapy, chithandizo chowotcha khansa ndi makina, amachita kutumizidwa kunja kwa dziko. Munthu woyenda ulendo wautali chonchi sayenera kutaya miyezi pa sitepe yoyamba chifukwa cha 7 amene waoneka ngati 1.

Tsiku limene ndinakatenga zotsatira zachiwiri ndinawafunsa anesi za mayi wachikulire uja wa buku la mu jumbo ya shuga, ndinafotokoza maonekedwe ake ndi tsiku limene tinabwera limodzi. Anandiyankha kuti amayi, za wodwala wina sitingakuuzeni, ndipo anachita bwino, nanenso sindingafune kuti zanga aziuza aliyense. Koma katoni ija inali pa tebulo pomwepo, yotsegula, maenvelopu ali ndi mpaka pakamwa, ena mapepala atayamba kufiira m'mbali. Sindikudziwa ngati yake inali momwemo. Mwina mdzukulu uja anayankha foni nkuthamanga kukawauza agogo ake, mwina anagulitsanso nkhuku zina nkubwera pa tsiku lake. Dzina la mudzi wake sindinafunse, ndimangokumbuka kuti anati amawoloka mtsinje, ndipo mwezi umene anatiuza kuti tibwerenso uja mitsinje inali isanaphwe.

Mayi wa mu gulu lathu uja sindinamuyankhe pa gulu, ndinamuimbira. Ndamufunsa ngati anaona nambala imene analemba, akuti ayi. Deti m'buku mulibe. Akuti amaopa kupita yekha. Ndamuuza mlamu wanga kuti adzandikhalire pa okala Lachiwiri likudzali, tinyamuka ndi minibasi yoyamba.